KRISIMASI YA M'DZINJA NDI MACHALICHI ATHU A M'MIDZI

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi, sukulu zisanatsekedwe

 Mwandipempha kuti ndinene za madyerero a Krisimasi m'machalichi athu a m'midzi. Ndidzayamba ndi funso la mwana, pakuti ilo ndilo linandiphunzitsa zambiri za zimene ndifuna kunena lero.

Caka cina, sukulu iri pafupi kutsekedwa, ndinapacika pa khoma cithunzi ca Krisimasi cimene mbale wanga ananditumizira kucokera ku Lusaka. Panali kachalichi ka miyala, mazenera ace akuwala, ndipo pansi ponse ndi pa denga pomwe panali poyera mbee. Mnyamata wina wamng'ono anaciyang'ana nthawi yaitali, nandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi anthu awa ayanikiranji ufa pa denga la chalichi?" Ana onse anaseka, inenso ndinaseka nao, ndi kumuuza kuti si ufa iai, koma cipale cofewa, ndiwo madzi amene auma ndi kuzizira, nagwa kucokera kumwamba ngati thonje. Ndinayesa kuti ndayankha bwino. Koma pobwerera ku nyumba madzulo ndinazindikira kuti mwanayo sanali kuganiza za nyengo konse. Anali kuganiza za ufa, popeza kwao ufa unali utayamba kucepa.

Tiyeni tiyambe ndi zimene tiphunzitsa m'kalasi. Dziko lapansi lizungulira dzuwa liri copendekeka, ndipo cifukwa ca ici maiko a kumpoto ndi a kumwera salandira nyengo imodzi pa nthawi imodzi. Pa 21 kapena 22 Disembala ndilo tsiku lalifupi koposa onse ku Ulaya. Ku London dzuwa lioneka maora osakwana 8, ndipo pa 4 koloko madzulo lalowa kale. Kuno ku Chipata tsiku lomwelo ndilo lalitali koposa, la maora pafupifupi 13. Kotero makandulo, ndi moto wa m'nyumba, ndi mitengo yosayoyoka masamba imene tiona pa zithunzi, siziri zokometsera cabe. Anthu okhala mumdima ndi m'cisanu anafuna kuunika, anafunanso kuona kanthu kobiriwira pamene thengo lonse lauma.

Koma kusiyana kwakukuru sikuli pa cisanu, kuli m'nkhokwe. Alimi a ku Ulaya Krisimasi inali kuwapeza atatha kukolola, nchito ya m'munda itaima. M'masiku akale anali kupha zina mwa ng'ombe ndi nkhumba zao m'mwezi wa Novembala, popeza sakadatha kuzidyetsa zonse kufikira msipu utaphukanso. Cotero pa madyerero anali nayo nyama, anali nao ufa, anali nayonso nthawi ya kukhala pansi. Ngati tifuna nyengo yathu yofanana ndi imeneyo, ndiyo ya Juni ndi Julai, pamene mphepo yozizira iomba, nkhokwe ziri zodzaza, ndipo midzi iri pa maukwati ndi zinamwali. Koma ife Krisimasi itipeza m'dzinja, khasu liri m'manja. Cimanga cobzalidwa ndi mvula yoyamba cafika m'maondo, udzu ukula usana ndi usiku, ndipo amene aleka kupalira sabata imodzi adzaikumbuka sabatayo pa masika. Nkhokwe yatsika. Maungu ndi cimanga caciwisi zikali kutali. Ambiri ali pa ganyu m'minda ya anzao kuti apeze mbale ya ufa, minda yao ikudikira. Tonse tikumbuka cilala ca 2024, pamene boma linalengeza m'mwezi wa Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka. Krisimasi ya caka cimeneco inapeza mabanja ena akudya mango ophika.

Wina adzati, tsono tisunthe tsikulo kodi? Sindinena zimenezo iai. Koma tidziwe coona, kuti ana akatifunsa tisawanamize. Luka ndi Mateyu, amene analemba za kubadwa kwa Ambuye, sachula mwezi kapena tsiku. Umboni wakale koposa woonetsa Akristu akusunga 25 Disembala uli m'ndandanda ya masiku ya ku Roma, ndipo uloza ku caka ca 336. Kufikira lero abale athu a ku Ethiopia ndi Akristu ambiri a ku Egypt asunga pa 7 Januwale, popeza awerenga masiku ndi kalendala yakale, ndipo Mpingo wa ku Armenia usunga pa 6 Januwale. M'makalasi mwathu mulinso ana a mipingo imene siisunga Krisimasi konse. Amenewo asakakamizidwe kulowa m'masewero, ndipo asasekedwe. Tsikulo tinalilandira kwa Eklesia wa m'dziko lonse, ndipo ndi cinthu cokoma kuti Mkristu wa ku Katete ndi wa ku Korea akondwera tsiku limodzi. Cimene sitinalamulidwe kulandira ndiyo nyengo ya eni ace, ndi madyedwe ao, ndi mabvalidwe ao. Uthenga unafika ku Magwero m'caka ca 1899, ndipo Buku Lopatulika lathunthu tiri nalo m'Cinyanja kuyambira 1922. Madzinja onsewa apita, koma ndikali kuona machalichi amene amata thonje pa nthambi kufanizira cipale cimene palibe mmodzi wa opembedzamo anaciona.

Ndifuna kukusimbirani za machalichi atatu a ku Ulaya komweko, pakuti miyambo imene tiyesa kuti inacokera m'nyumba za olemera, tikaifufuza, tipeza kuti inayamba mwa anthu onga ife.

M'caka ca 1223 Francis wa ku Assisi anali m'mudzi wa m'mapiri wochedwa Greccio, ku Italy. Anafuna kuti anthu osadziwa kuwerenga aone ndi maso ao umphawi umene Mwanayo anabadwiramo. Anapempha bwenzi lace la kumeneko kuti akonze modyera ng'ombe m'phanga, aikemo udzu, abweretsenso ng'ombe ndi buru zamoyo. Anthu anadza usiku ndi miuni, napembedza pomwepo. Khola limene abale athu Akatolika amanga m'machalichi ao caka ndi caka litenga mbiri yace kumeneko, ndipo zonse zofunika zinapezeka m'mudzi momwemo.

Yaciwiri itikhudza ife koposa. M'mudzi wa Oberndorf, pafupi ndi Salzburg ku Austria, munali kukhala anthu a ngalawa onyamula mcere pa mtsinje wa Salzach. Dziko linali litangoturuka m'nkhondo za Napoleon, ndipo m'caka ca 1816 mbeu zinalephera m'maiko ambiri a Ulaya cifukwa ca kuzizira ndi mvula yosaleka. M'caka comweco wansembe wacinyamata, dzina lace Joseph Mohr, analemba mau a nyimbo ya Krisimasi, nawasunga. Atatumizidwa ku Oberndorf anapita nao kwa Franz Gruber kuti awapekere maimbidwe. Tsono Gruber ameneyu anali yani? Anali mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi woyandikana nao wa Arnsdorf, wogona m'nyumba ya sukulu momwemo, amene pa Sabata anali kuimba limba m'chalichi kuti aonjezere malipiro ace. Usiku wa 24 Disembala 1818 awiriwo anaimba nyimboyo pamaso pa mpingo ndi gitala imodzi. Ndiyo imene eni ace aicha Stille Nacht, imene lero iimbidwa m'zinenero zambirimbiri. Mukadzaimva pa wailesi, ikuimbidwa ndi makwaya akuru a m'mizinda, mukumbuke kuti maimbidwe ace anaturuka m'nyumba ya mphunzitsi wa m'mudzi.

Yacitatu ndi ya ku Truro, ku England. M'caka ca 1880 chalichi cacikuru ca kumeneko cinali cikali kumangidwa, ndipo anthu anali kupembedza m'nyumba ya matabwa. Bishopo wao, Edward White Benson, anakonza mapemphero a usiku wa 24 Disembala, pa 10 koloko, ndipo zimanenedwa kuti cifukwa cimodzi cinali cakuti amuna asacezere ku mowa. Anasankha ndime 9 zazifupi za m'Malembo, nyimbo ziri pakati pace, ndipo owerenga anayamba ndi mnyamata wa m'kwaya, nakwera kufikira bishopo mwini wace. Dongosolo limenelo linatengedwa ndi King's College ya ku Cambridge m'caka ca 1918, ndipo kuyambira 1928 limveka pa wailesi. Palibe cimene cingatiletse kulicita m'chalichi ca udzu, pakuti lifuna Buku, ndi owerenga 9, ndi anthu odziwa kuimba. Ndipo zonsezi tiri nazo.

Tsono tibwere kwathu. Mudziwa kuti abusa kapena ansembe athu ali ndi nyumba za mapemphero zambiri, zotalikirana, ndipo pa Disembala mitsinje monga Lupande ndi Lutembwe ikadzaza, njinga ikhala katundu wa pa phewa. Sangafike ponse tsiku limodzi. M'midzi yambiri Krisimasi iri m'manja mwa akuru a mpingo, ndi alaliki, ndi amai a Cigwirizano, ndi mphunzitsi. Koma sukulu zitsekedwa kuciyambi kwa mweziwo, ndipo ife tikangotha kulemba malipoti timanga katundu. Sinditsutsa amene apita kukaona makolo ao. Nanenso ndiri nao akwathu. Cimene ndinena ndi cakuti amene acoka asiye zinthu zokonzeka, ndipo amene atsala adziwe kuti maso a mudzi ali pa iye.

Ndidzakuuzani kulakwa kwanga, kuti mwina kungapulumutse wina. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo ndikali mnyamata, ndinakonza sewero la kubadwa kwa Ambuye. Ndinafuna kuti likhale lokongola kuposa la mudzi wa patsidya, ndipo ici ndico cinali ciyambi ca colakwa. Ndinauza ana kuti onse olowa m'sewero adze ndi zobvala zatsopano ndi nsapato. Panali mtsikana wina, woleredwa ndi agogo ace, amene anali kuwerenga bwino koposa onse m'kalasi. Ndinampatsa ndime ya abusa ndi angelo, ndipo masabata atatu anaiphunzira kufikira anainena pamtima. Pa tsikulo chalichi cinadzaza, anthu ena ali pa mazenera, koma iye sanaoneke. Ndinapsa mtima, ndinapereka ndimeyo kwa mwana wa mwini sitolo, amene anaiwerenga modumphadumpha, ndipo anthu anaomba m'manja cifukwa ca diresi lace.

Masana, pobwerera, ndinadzera njira ya ku dambo, ndipo ndinawapeza awiriwo m'munda akupalira. Agogowo anaweramuka, nandipatsa moni mwaulemu wonse, nati, "Pepani aphunzitsi, mdzukulu wanuyu sanafike. Tinamva kuti lero kufunika a nsapato." Sananene mokwiya iai, ananena monga munthu wofotokoza lamulo limene walimva nalisunga. Mtsikanayo sanatukule maso. Ndinaima pa mzere pomwepo, nsapato zanga zopukutidwa zikumira m'matope, osapeza mau oyankha. M'mawa momwemo ndinali nditaimirira pamaso pa mpingo kufotokoza kuti Mwanayo anagonekedwa modyera ng'ombe cifukwa anasowa malo, ndipo ine ndemwe ndinali nditamsowetsa malo mwana wa mpingo.

Mwanayo anabwera ku sukulu mu Januwale monga mwa masiku onse, koma ku Sande Sukulu sanabwerenso caka conseco. Ndipo sanali yekha. Nditayamba kuwerenga, ndinapeza kuti pa Krisimasi, pamene tinyadira kuti chalichi cadzaza, amene acidzaza ndi alendo ocokera ku tauni ndi anthu odzaonetsa zobvala, koma amasiye ndi ana a nyumba zosauka, amene tiwaona Sabata iri yonse, atsala ku mudzi. Muyese kuwerenga inunso caka cino, osati mitu ya amene alipo, koma maina a amene palibe.

Kodi ticite ciani? Coyamba ciri m'mphamvu yathu lero lomwe: tisachule zobvala. Ndipo sewero lenilenilo litithandiza, tikalicita moona. Abusa a ku Betelehemu sanabvale nsaru zoyera za pa kama zimene tibwereka kwa a nesi. Anali anthu ogona kubusa, onunkha utsi. Tengani anyamata amene aweta mbuzi ndi ng'ombe m'mudzimo, adze monga ali, ndi ndodo zao ndi malegeni ao, ndipo pa tsiku limenelo kabudula wong'ambika akhale ndiye cobvala coyenera. Mariya abvale citenje ca amai ace. Modyera ng'ombe mupangidwe ndi mitengo ndi luzi, muikemo udzu weniweni. Mbuzi imodzi yofatsa ingalowe, malinga wina aigwire cingwe, pakuti ndinaona ina ikudya maluwa a pa gome abusa ali pakati pa pemphero. Za kukometsa chalichi, Azungu afunafuna kanthu kobiriwira m'cisanu. Ife tingoturuka pa khomo, dziko lonse labiriwira. Ana atheme nthambi ndi kuchola maluwa a m'thengo m'mawa mwace.

Kuwerenga kukonzedwe sukulu isanatsekedwe. Masabata anai otsogolera ku Krisimasi, amene mipingo yambiri iwacha Adiventi, atipatsa nthawi yokwanira. Sankhani ndime zazifupi: Yesaya 9, Mika 5, Luka 1 ndi 2, Mateyu 2, Yohane 1. Ziwerengedwe m'Cinyanja, mokweza ndi mosafulumira, kuti agogo a kumbuyo amve; Cingerezi tiri naco masiku onse a sukulu. Tsatani nzeru ya ku Truro, kuyamba ndi mwana wamng'ono koposa amene adziwa kuwerenga, ndi kutsiriza ndi mkuru wa mpingo. Ndipo posankha owerenga muyang'ane m'kaundula wa makhalidwe ndi wa kuwerenga, musayang'ane ku mapazi. Mapemphero ayambe mamawa, pakuti mvula ya m'dzinja ikonda masana, ndipo pa malata ikagwa palibe mau amveka. Denga lodontha likonzedwe mu Novembala.

Tsono nkhani ya cakudya, imene ndiyo yolemera. Sitingathe kuuza anthu kuti asadye bwino pa Krisimasi. Mpunga ndi nkhuku kamodzi pa caka si chimo. Koma taonani cimene cicitika. Bambo agulitsa thumba la cimanga lomwe likadafikitsa banja ku Febuluwale, ena agulitsa ndi feteleza yemwe, kuti ana ace asacite manyazi pamaso pa anzao. Ndipo pofika Januwale ndife amene tiona zotsatira zace m'kalasi. Boma linacotsa malipiro a sukulu m'caka ca 2022, koma yunifomu, makope ndi mapensulo zikali kufuna ndalama, ndipo mwana wanjala samva masamu. Mankhwala ace, monga ndiona ine, ali pa masika. Pa nthawi imene Akristu abweretsa zopereka za zokolola, nkhokwe ziri zodzaza ndi mitima iri yofewa, tipemphe akuru a mpingo kuti apatule gawo la cimanga, nshawa ndi nyemba, lisungidwe bwino kuti anankafumbwe asalowe, likhale la phwando la Krisimasi la mpingo wonse. Ku mpingo kumene ndinaona izi zikucitika, amai anaphika pamodzi kuseri kwa chalichi. Amene anali ndi nkhuku anabwera nayo, amene analibe anabwera ndi cibwabwa, kapena bowa, kapena mtolo wa nkhuni, ndipo zitalowa mumphika palibe anadziwa za uje ndi ziti. Ana anadya poyamba. Mbale zina zinatumizidwa kwa odwala ndi okalamba amene sanathe kuyenda.

Phwando lotere lithandizanso pa nkhani ya mowa, imene sindifuna kutalikitsa popeza muidziwa. Munthu woturuka m'chalichi pa 11 koloko, wopanda kopita, miyendo imtengera kumene kukulira ng'oma. Akakhala ndi nsima yomdikira, ndi mpira wa anyamata madzulo, ndi makwaya a midzi iwiri akupikisana, kacasu adikira nthawi yaitali, ndipo ena safikako konse.

Kanthu kena kakang'ono. Ana athu ayenda khomo ndi khomo kupfuula kuti "Krisimasi bokosi," ndipo ambiri sadziwa kumene mauwo anacokera. Ku England unali mwambo wakuti pa 26 Disembala olemera apatse anchito ao ndi osauka mphatso kapena ndalama, ndipo mphatsoyo inachedwa bokosi la Krisimasi. Kunali kupatsa kwa amene ali nazo; kuno kwasanduka kupempha kwa ali yense, ngakhale kwa nkhalamba imene iribe ndi mcere womwe. Tingathe kuutembenuza. Ana a kalasi lalikuru apite m'magulu kwa okalamba a m'mudzi pa 24 kapena pa 26, ndi makasu ao, akapalire mizere ingapo, akatunge madzi, akaimbe nyimbo imodzi. M'dzinja palibe bokosi loposa munda wopaliridwa, ndipo agogo aja a ku dambo akadalandira limenelo, mwina akadapeza mpata wa kudza ku mapemphero.

A Wapampando, nthawi yanga yatha. Ndipempha cinthu cimodzi, kuti ali yense wa ife, asanamange katundu wa chuthi, akhale pansi ndi akuru a mpingo ndi amai a Cigwirizano a kumene aphunzitsa, alembe maina a owerenga, alembenso maina a mabanja amene aganiza kuti sadzabwera, ndipo apangane amene adzapita kukawaitana pa khomo pao. Za nkhokwe ya mpingo tacedwa nazo caka cino; zimenezo ndipempha alembi kuti aziike pa ndandanda ya msonkhano wathu wa mu Epulo, cimanga cisanalowe m'midzi.